Tifunseni: Kodi Wakuba Amalangidwadi M'dziko Muno?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukamba za umbava, ndipo tasankhapo anayi oti tiyankhe. Mayina a olemba tawasunga monga timachitira nthawi zonse.

FUNSO: Akonzi, mwezi wathawu akuba adathyola khola langa usiku ndi kutenga mbuzi zitatu. Anyamata a m'mudzi adalondola mapazi mpaka adapeza mbuzi ziwiri kwa munthu wina wa m'mudzi woyandikana nafe, ndipo tidamutengera kupolisi. Patangopita masiku anayi ndidamuona pamsika akupalasa njinga, akundiyang'ana monyoza. Kodi kuba kuli ndi chilango m'dziko muno, kapena tidangotaya nthawi ndi ndalama zoyendera? Ndine mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Mayi, pepani ndi zimene zidakuonekerani. Munthu amene mudamuona pamsikayo ayenera kuti adatuluka pa belo, ndipo kutuluka pa belo sikuthetsa mlandu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula kuti munthu womangidwa akaonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48, komanso limamupatsa ufulu wodikira mlandu wake ali kunyumba, pokhapokha pakhale chifukwa chomveka chomusungira, monga kuopa kuti athawa kapena aopseza mboni. Lamuloli limapweteka mtima wa munthu woberedwa, koma amene adaliika mu 1994 ankakumbukira anthu amene adakhala zaka zambiri kundende ngati ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. Dziwaninso kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, kotero kutuluka kwake pakokha si umboni woti adapereka chiphuphu.

Chilango chimene chikumudikira akapezeka wolakwa si chochepa. Malamulo a milandu ndi zilango, otchedwa Penal Code, amati pa gawo 278 wakuba akhoza kukakhala kundende zaka zisanu, koma pa gawo 281 chilangocho chimafika zaka 14 ngati chobedwacho ndi chiweto monga ng'ombe, mbuzi, nkhosa kapena nkhumba. Zakazi ndi malire apamwamba, ndipo majisitireti amayang'ana kuchuluka kwa zobedwa, ngati zina zidapezeka, ngati wakubayo adavomera mlandu, ndi ngati adapalamulapo kale. Bwalo lilinso ndi mphamvu yolamula kuti mwini katundu abwezeredwe zake.

Vuto lenileni lili pakati pa tsiku lomangidwa ndi tsiku la chigamulo, ndipo ndi pamenepa pamene milandu yambiri ya kumudzi imafera. Woyimira boma sangapambane mlandu popanda mboni, ndipo mboni yoyamba ndinu mwini khola. Zimachitika kawirikawiri kuti woberedwa akaona wakuba watuluka amagwa ulesi ndi kusiya kutsatira nkhaniyo, kapena amapita kubwalo kamodzi, n'kumva kuti mlandu wayimitsidwa mpaka mwezi wamawa, ndiye ulendo wachiwiri amaona kuti ndalama ya minibasi ndi bwino agulire sopo. Mboni zikapanda kubwera kangapo, bwalo limamasula woimbidwa mlanduyo, ndipo m'mudzi nkhani imamveka yoti apolisi adadya ndalama. Sitikukana kuti apolisi ena amadyadi, ndiponso boma lili ndi mlandu wake pano, chifukwa silingayembekezere mayi wa kumudzi kulipira yekha maulendo anayi kapena asanu pofuna chilungamo cha mbuzi zitatu. Komabe mlandu wanu ukadali moyo, ndipo mungathe kuuteteza.

Bwererani kupolisiko mukafunse dzina la wapolisi amene akufufuza, nambala ya mlandu ndi tsiku limene ukalowe m'bwalo. Anyamata amene adapeza mbuzi zija muwauze kuti adzafunika kukanena zimene adaona, ndipo inuyo mukonzeke kufotokoza zizindikiro zimene mudazindikirira kuti mbuzizo ndi zanu, chifukwa funso limeneli silidzalephera kufunsidwa. Munthuyo akayamba kukuopsezani, kauzeni woyimira boma, popeza bwalo likhoza kumulanda belo. Mukaona kuti nkhani ikuzembetsedwa kapena wina akukupemphani ndalama, kaonaneni ndi mkulu wa polisiyo, ndipo zikakanika pamenepo kadandauleni ku bungwe la Independent Complaints Commission, limene ntchito yake ndi kumva madandaulo okhudza apolisi.

FUNSO: Akonzi, ndidamaliza maphunziro a ukachenjede ndipo ndangoyamba ntchito yowerengera ndalama. Anzanga kuntchito amanena poyera kuti kundende kumapita wakuba nkhuku, koma wakuba mamiliyoni amalemba loya n'kumagona kunyumba kwake. Ndikaona nyumba zimene anthu ena olandira malipiro ngati anga akumanga, ndimayamba kuganiza kuti akunena zoona. Kodi alipo wamkulu amene adalangidwapo? Ndine mnyamata wa ku Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akunena theka la choonadi, ndipo theka limene akusiyalo ndi limene likukhudza inu. Tiyeni tikumbutsane nkhani ya Cashgate, chifukwa ndi imene idayesa mabwalo athu pa funso lanuli kuposa ina iliyonse. Mu Sepitembala 2013 a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, adaomberedwa pageti la nyumba yawo ku Lilongwe, ndipo m'masabata omwewo apolisi ankapeza mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Zidadziwika kuti anthu ankagwiritsa ntchito makina olipirira a boma polipira makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta zolembedwazo. Kampani yofufuza za chuma ya ku Britain, ya Baker Tilly, idapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho.

Anthu adamangidwa ndipo ena adakaseweza kundende. A Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adavomera mlandu wokhudza K63 miliyoni ndipo mu 2014 adalamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu. A Oswald Lutepo, munthu wamalonda, adapatsidwa zaka 11 mu 2015 pa mlandu wokhudza K4.2 biliyoni. A Ralph Kasambara, loya wodziwika amene adakhalapo nduna ya zachilungamo, adapatsidwa zaka 13 mu 2016 pa mlandu wokonza chiwembu chofuna kupha a Mphwiyo. Kunja kwa Cashgate, a Uladi Mussa, amene adakhalapo nduna yoona za m'dziko, adagamulidwa zaka zisanu mu 2020 chifukwa chogwiritsa ntchito udindo molakwika pa nkhani ya mapasipoti, ndipo mu 2021 a Thom Mpinganjira, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri m'dziko muno, adagamulidwa zaka zisanu ndi zinayi pa mlandu wofuna kupereka chiphuphu kwa oweruza amene ankamva mlandu wa chisankho cha 2019. Choncho mawu oti wamkulu sadalowepo m'ndende ndi abodza.

Koma tikatsatira mayina omwewa mpaka kumapeto, tipeza chimene anzanuwo akuona. A Kasambara adatuluka pa belo mu 2018 podikira apilo. A Mpinganjira nawonso adatuluka pa belo mu 2022 podikira apilo. A Mussa adakhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko mu 2023. Mlandu wa K1.7 biliyoni umene a Bakili Muluzi adamangidwira koyamba mu 2006 udathetsedwa ndi boma mu 2023 usadafike pa chigamulo, kutanthauza kuti pamaso pa malamulo iwo sadapezeke olakwa, koma kutanthauzanso kuti dziko lidatha zaka 17 ndi ndalama zambiri osamva yankho lililonse. Zonsezi zidachitika motsatira malamulo, pakuti apilo, belo ndi chikhululukiro zilimo m'malamulo athu. Chodandaulitsa n'chakuti njira zimenezi zimatsegukira msanga munthu amene ali ndi maloya ndi anzake apamwamba, pamene wakuba mbuzi, amene si zachilendo kumva kuti walandira zaka zitatu kapena kuposerapo, nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti apilo amachita bwanji. Ife tikuona kuti kusiyana kumeneku ndiko kukuwononga ulemu wa malamulo kuposa umbava weniweniwo.

Milandu ya ndalama zambiri imachedwa pa zifukwa zodziwika. Umboni wake ndi mapepala ndi zolembedwa za m'mabanki zimene zimafuna akatswiri, mboni zake ndi anthu ogwira ntchito pansi pa woimbidwa mlanduyo, ndipo maloya amatha kuyimitsa mlandu kwa zaka pokatsutsa mfundo imodzi kubwalo lapamwamba. Pali zina zimene zasintha. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limalola boma kupempha bwalo kuti lilande katundu wopezeka mwachinyengo, ndipo mu 2022 kudakhazikitsidwa nthambi ya bwalo lalikulu yomva milandu ya zachuma yokha. Ngati zimenezi zifulumizitsadi milandu, tidzaweruza ndi zigamulo zimene zituluke.

Tsopano theka lija limene anzanu akusiya. M'gulu la anthu oyambirira kugamulidwa pa Cashgate mudali a Victor Sithole, wothandizira kuwerengera ndalama, amene adapatsidwa zaka zisanu ndi zinayi mu 2014, zomwe ndi zaka za mlembi wamkulu uja kuchulukitsa katatu. Munthu wa pa mpando ngati wanu ndi amene siginecha yake ndi dzina lake lolowera pa kompyuta zimatsalira pa umboni, ndipo zinthu zikavuta bwana amene adamutuma amakana kuti sadamuuzepo kanthu. Gawo 286 la Penal Code limapereka zaka zofika 14 kwa wantchito wobera amene adamulemba ntchito, ndipo kwa wowerengera ndalama chigamulo chotere chimatanthauza kuti ntchito imene adaiphunzira zaka zinayi sadzaipezanso mosavuta. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo pa nkhani za ndalama mawuwa ndi oona kwambiri, chifukwa ofufuza mabuku amatha kufukula chaka chino zimene zidalembedwa zaka zisanu zapitazo.

Palinso ena amene adalangidwa pa Cashgate osaba kanthu. Mayiko ndi mabungwe amene ankathandiza pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a bajeti ya dziko lino adayimitsa thandizo lawo lopita mwachindunji ku boma, ndipo amene adamva kuwawa ndi odwala amene adapeza zipatala zilibe mankhwala ndi aphunzitsi amene malipiro awo ankachedwa.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wa zaka 19 adatenga foni ya mnzake n'kukaigulitsa kumsika. Wavomera, ndipo aka n'koyamba kupalamula. Abale ena akuti tingopereka kangachepe kupolisi nkhani ithere pomwepo, ena akuti timusiye akaone ndende kuti aphunzire. Kodi chimuchitikire n'chiyani? Ndine bambo wa ku Balaka.

YANKHO: Bambo, malangizo onse awiri amene mwalandirawo musawatsate. Kupereka kangachepe kwa wapolisi ndi mlandu wa katangale, umene chilango chake chimaposa cha foni imene mukufuna kuthana nayoyo, ndipo mukhoza kupezeka kuti m'nyumba imodzi muli oimbidwa milandu awiri.

Pa zaka 19 mwana wanu ndi munthu wamkulu pamaso pa malamulo, popeza chitetezo chapadera cha ana chimathera pa zaka 18. Komabe malamulo a kazengedwe ka milandu, pa magawo 339 ndi 340, amauza bwalo kuti munthu wopalamula koyamba asathamangitsidwire kundende ngati pali njira ina yoyenera yomulangira. Majisitireti akhoza kupereka chilango choyimikidwa, kutanthauza kuti mwanayo apita kunyumba koma akapalamulanso m'nthawi yoikidwayo adzakaseweza, kapena akhoza kumulamula kugwira ntchito yothandiza anthu popanda malipiro pamalo ngati chipatala, sukulu kapena bwalo lomwelo. Zimene zimafewetsa mtima wa bwalo ndi kuvomera mlandu msanga, kubweza chobedwa kapena mtengo wake, ndi kusonyeza kuti mwanayo ali pasukulu kapena pantchito. Choncho ndalama imene abale akuti mukapereke kupolisi, kawombolereni foniyo kapena mubwezere mwini wake pamaso pa mboni, ndipo mukapemphe uphungu ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene imathandiza anthu osatha kulipira loya. Palibe amene angakulonjezeni chigamulo, chifukwa mphamvuyo ili ndi majisitireti yekha.

Amene akuti akaone ndende mwina sadalowemo. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, a Gable Masangano, adasumira boma, bwalo lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino m'zipinda, ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuchokera nthawiyo ndende ngati za Maula, Chichiri ndi Zomba zakhala zikusungabe anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zidamangidwira. Chakudya nthawi zambiri chimakhala kamodzi patsiku, nsima ndi nyemba kapena nandolo, ndipo chifuwa chachikulu ndi mphere zimafala mosavuta. Mnyamata wolowa m'menemo chifukwa cha foni imodzi amagona ndi kudzuka pakati pa anthu othyola nyumba ndi achifwamba, ndipo maphunziro amene angatuluke nawo si amene abale anu akuganiza.

Muuzeni mwanayo mosabisa kuti ngakhale asalowe m'ndende, kupezeka wolakwa kumasiya chipsera. Zidindo za zala zake zidzasungidwa, ndipo tsiku limene adzafune kalata ya kupolisi yosonyeza mbiri yake, imene mabanki, makampani a zachitetezo ndi maofesi a ziphaso zolowera m'mayiko ena amafuna, mlanduwu ukhoza kudzatulukira. Malamulo aakulu a dziko, pa magawo 51 ndi 80, amaletsanso munthu amene adapezeka wolakwa pa mlandu wa kusakhulupirika m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kupikisana nawo pa mpando wa phungu kapena wa mtsogoleri wa dziko. Ndipo amene adagula foni uja asadzione ngati ali kutali, pakuti gawo 328 limapereka zaka zofika 14 kwa wolandira katundu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wobedwa. Foni ya mtengo wapatali yogulidwa pa mtengo wozizira, popanda lisiti kapena bokosi, imavuta kuifotokoza pamaso pa majisitireti.

FUNSO: Akonzi, ndimagulitsa kaunjika pamsika. Kuno tidatopa, ndipo wakuba akagwidwa anthu amamumenya, nthawi zina mpaka kumuotcha, chifukwa tikamupereka kupolisi mawa amabweranso. Kodi munthu woponya nawo mwala umodzi pagulu la anthu ambirimbiri angaimbidwe mlandu? Ndine bambo wa ku Blantyre.

YANKHO: Inde bambo, angaimbidwe, ndipo mlandu wake ndi wakupha. Malamulo amati anthu akagwirizana kuchita chinthu choletsedwa, aliyense wa iwo amayankha pa zotsatira zake, kotero wobweretsa tayala, wogula petulo ndi woponya mwala akhoza kuimbidwa mlandu umodzi ndi woyatsa machesi. Mlandu wakupha umazengedwa kubwalo lalikulu, belo yake imavuta kuposa ya wakuba, ndipo anthu ambiri amakhala nthawi yaitali pa rimandi akudikira tsiku lawo. Chilango chake chimafika pa kukhala kundende moyo wonse kapena kunyongedwa. Chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007 chidathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingogamulidwa imfa, ndipo dziko lino silidanyongepo munthu kuchokera mu 1992, koma zaka zimene mabwalo amapereka pa mlanduwu ndi zokwanira kuti bizinesi ndi banja la munthu zitheretu.

Kutopa kwanu n'komveka, ndipo kukuchokera pa zomwe tafotokozera mayi a ku Dedza. Koma gulu la anthu okwiya silifunsa mboni, ndipo pamsika pamakwanira kuti munthu mmodzi akuwe kuti wakuba, enawo n'kuyamba kuthamangitsa aliyense amene akuthawa, ngakhale wodwala misala kapena mlendo wochita mantha. Mu Malichi 2016 anthu asanu ndi awiri adaotchedwa ku Nsanje powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu, ndipo popeza adafa asadafunsidwe, zonse zimene akadaulula za amene adawatuma kapena amene ankafuna kugula zidapsera limodzi nawo. N'chimodzimodzi ndi wakuba wa pamsika, amene akafa amapita ndi dzina la munthu amene amamugula katunduyo.

Malamulo amakulolani kugwira munthu amene mwamupeza akuba, pogwiritsa ntchito mphamvu yongokwanira kuti asathawe, kenako n'kumupereka kupolisi mosachedwa. Komiti ya msika wanu isankhe anthu awiri kapena atatu oti azipita naye limodzi ndi katundu amene wapezeka naye, azilembetsa mayina awo ngati mboni, ndipo pakhale thumba laling'ono lolipirira ulendo wawo wa kubwalo ndi kuwabwezera malonda a tsiku limene atseka benchi. Mukumbukirenso kuti masiku ano pachipwirikiti chilichonse pamakhala wina wojambula ndi foni, ndipo kanema amene amafalitsidwa pa WhatsApp madzulo a tsikulo ndi yemweyo amene apolisi amagwiritsa ntchito pozindikira nkhope za oti awamange.